Kodi Facebook ikumuthandizadi mlimi wa m'malire? Tiyiyese monga timayesera khasu

Nyengo yokolola ikafika m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga, nkhani ya mitengo imayenda msanga kuposa magalimoto odzanyamula katundu. Kale inkayenda pakamwa pa anthu ochokera ku msika, kenako pa wailesi. Lero mbali yaikulu ikuyenda pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ogula a ku Tete, ku Chimoio ndi ku Beira akulengeza pamenepo zimene akufuna, mabungwe ndi maofesi akuikapo zidziwitso zawo, ndipo mawu akuti "taika kale pa tsamba lathu" ayamba kunenedwa ngati kuti uthengawo wafika pakhomo pa aliyense. Koma kodi wafikadi? Mlimi wa ku Dómuè amene ali ndi matumba makumi awiri a mbatata ya kachewere, amene ayenera kusankha lero ngati agulitse kwa wogula amene wafika pamunda kapena adikire tsiku la msika, kodi akatsegula Facebook amapeza yankho nthawi isanathe?

Akatswiri a makompyuta ali ndi njira yawo yoyesera zinthu zoterezi. Bungwe loona za miyezo pa dziko lonse la ISO lidalemba mu 1998, m'chikalata chotchedwa ISO 9241-11, kuti chida chimayesedwa pa zinthu zitatu: ngati munthu watha kuchita chimene amafuna, ngati wachichita osaononga nthawi ndi chuma chochuluka, ndiponso ngati wakhutira. Koma mfundo yaikulu m'chikalatacho ndi yakuti kuyesako kumachitika pa munthu wodziwika, pa ntchito yodziwika, ndi pamalo podziwika. Mlimi aliyense amazidziwa kale zimenezi. Khasu siliyamikiridwa lili m'sitolo. Limene limalima bwino mumchenga wa m'mbali mwa Zambezi likhoza kupindika pa katondo wa ku Ulónguè, ndipo mpini wokwanira bambo wamtali umapweteketsa msana mwana wa sukulu. Choncho funso lakuti "Facebook ndi yabwino kodi?" lilibe mutu. Tifunse kuti ndi yabwino kwa yani, pa ntchito yanji.

Munthu wathu ndi uyu. Kalembera wa anthu wa 2017 adapeza kuti akuluakulu 39 mwa 100 alionse m'dziko muno sadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo pakati pa amayi chiwerengerocho chimayandikira theka. Kalembera yemweyo adaonetsa kuti anthu amene Chipwitikizi ndicho chilankhulo chawo chobadwa nacho sakwana 20 mwa 100. Kumidzi kwathu kuno, foni yolowa pa intaneti nthawi zambiri imakhala imodzi pa banja lonse, ndipo imakhala m'thumba la mnyamata, pamene mwini munda ali ndi kafoni ka mabatani kamene ena amati bombinha. Moto wa foni ndi wolipira pa kagolosale ka sola. Mega ndi ogula pang'onopang'ono, a tsiku limodzi kapena a sabata. Uyu ndiye munthu amene tiyenera kumuika patsogolo pa Facebook n'kuona ngati adutse.

Chopunthwitsa choyamba ndi chilankhulo, ndipo pano pali kanthu kamene anthu a m'mizinda sakaona. Mafoni a m'dera lino amabwera ndi zilankhulo zitatu, ngakhale timaganiza kuti ndi ziwiri. Yogulidwa ku Dedza kapena ku Lizulu imalemba Like ndi Share. Yoikidwa Chipwitikizi cha ku Portugal imalemba Gosto ndi Partilhar. Yoikidwa Chipwitikizi cha ku Brazil imalemba Curtir ndi Compartilhar, ndipo mawu achinsinsi olowera amene ina imawatcha palavra-passe, iyo imati senha. Tsono anthu ambiri amaphunzira foni pophunzitsana. Wina akati "dina pomwe palembedwa Partilhar", mnzake amayang'ana pa foni yake osapeza mawuwo, n'kuganiza kuti foni yake ndi yoperewera. Zithunzi zing'onozing'ono zimathandizako: chala chachikulu choimika aliyense amachidziwa. Koma zinthu zofunika kwambiri, monga kusintha mawu achinsinsi, kuletsa mavidiyo kuyamba okha, kapena kubisa nambala ya foni, zidabisidwa mkati mwa Definições, kumene kuli mawu okhaokha, ataliatali, opanda chithunzi.

Tikhalenso kaye pa batani lolembedwa Denunciar. Limeneli ndi lodziwitsira eni ake a Facebook kuti tsamba lina ndi la akuba kapena likufalitsa bodza. Kwa munthu amene adakulira kuno, mawu amenewa amamveka ngati kukanenera munthu ku polisi kapena kwa mfumu, nkhani imene imatha ndi kuitanidwa kukaperekera umboni. Nzosadabwitsa kuti ambiri amangodutsa, wakubayo n'kupitiriza kutchera ena.

Kampani ya Meta, imene ndi mwini wa Facebook, WhatsApp ndi Instagram, idalengeza mu Julayi 2022 kuti yapanga makina omasulira zilankhulo 200, ndipo Chinyanja chili m'gululo. Google nayo idaika Chichewa pa makina ake omasulira mu 2014. Zimenezi nzabwino, koma makinawo adaphunzira chilankhulo cha m'mabuku. Ife pa msika wa Calómuè timalankhula chosakaniza: mawu awiri a Chichewa, limodzi la Chipwitikizi, nambala m'Chingerezi. Mbewu imodzi yomweyo wina alemba kachewere, wina mbatatesi, wina batata-reno, wina mbatata basi. Mukafufuza ndi dzina limodzi, zambiri zolembedwa ndi mayina enawo zimakudutsani. Wogula amene akufuna katundu wanu alipo, inunso mulipo, koma simukumana chifukwa cha kalembedwe.

Tibwere pa ntchito yeniyeni: kupeza mtengo wa lero. Apa ndi pomwe Facebook imalephera kwambiri, ndipo sikuti idaonongeka, koma idapangidwa dala motero. Zimene mumaona mukangotsegula sizisanjidwa potsata nthawi imene zidalembedwa. Makina amasankha zimene akuganiza kuti zikusungani nthawi yaitali, ndipo amakweza zimene anthu ambiri ayankhapo. Mu Januwale 2018 kampaniyi idanena poyera kuti iziika patsogolo zolemba za abale ndi anzanu, n'kuchepetsa za masamba a mabungwe ndi a nkhani. Zotsatira zake n'zakuti chithunzi cha ukwati wa msuweni wanu chimabwera pamwamba, mkangano wa mpira umatsatira, pamene chidziwitso cha mlangizi chonena za ntchemberezandonda, chimene adayankhapo anthu atatu okha, chimamira pansi. Ofesi imene yaika uthenga pa tsamba lake isaganize kuti onse amene amatsatira tsambalo auona. Ambiri sauona n'komwe.

Choopsa china n'chakuti uthenga wakale umatha kuuka. Wina akangoyankha pa chimene chidalembedwa milungu itatu yapitayo, chimatha kubwereranso pamaso pa anthu. Tsiku limene chidalembedwa lilipo ndithu, koma ndi timalemba ting'onoting'ono totuwa pansi pa dzina, ndipo nthawi zambiri ndi chidule monga "3 sem" kapena "5 d". Munthu wa maso otopa, atagwira foni ya galasi losweka padzuwa la masana, sangationepo. Amangoona mtengo. Tiyerekeze kuti mlimi waona kuti thumba likugulidwa mtengo wokwera, wakana wogula amene adafika pamunda, walipira ngolo kapena njinga yamoto kupita nawo ku msewu, n'kukapeza kuti mtengowo udali wa mwezi watha katundu asanachuluke. Mbatata si chimanga choti mungabwerere nacho m'nkhokwe. Ndalama ya ulendo yapita, ndipo agulitsa pa mtengo uliwonse umene apatsidwe.

Kuno kumalire vutoli limakula chifukwa timagwiritsa ndalama ziwiri ndi miyeso yambiri. Wina akalemba kuti "soya 800", kodi ndi meticais kapena makwacha? Ndi pa kilo, pa ndowa ya malita 20, kapena pa thumba? Nanga thumbalo ndi lolemera 50 kapena ndi lija losokerera pamwamba? Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yonse ya tsidya lija idasintha tanthauzo usiku umodzi, koma zolemba zakale zidakhalabe pa Facebook monga zidalili. Pamsika mukhoza kufunsa, kunyamula thumba n'kulimva kulemera. Pa gulu la Facebook palibe chimene chimakakamiza wolemba kutchula tsiku, malo, ndalama ndi muyeso. Boma lili ndi njira yake yosonkhanitsira mitengo ya m'misika, ya SIMA, imene imatulutsa kalata ya mlungu ndi mlungu yotchedwa Quente-Quente, ndipo m'menemo zinthu zinayi zimenezi zimakhalamo. Kuipa kwake n'kwakuti kalata yotereyi siikopa anthu kukangana, choncho makina a Facebook alibe nayo chidwi.

Njira yoonera zinthu motsata nthawi ilipo. Kuyambira 2022 Facebook ili ndi gawo lotchedwa Feeds, pomwe mungasankhe kuona za magulu okha kapena za masamba okha, zatsopano zili pamwamba. Ndi anthu angati m'mudzi mwanu amene amalidziwa? Chinthu chothandiza chikabisidwa kuseri kwa mabatani atatu, kwa munthu wamba chimakhala ngati kulibe.

Pa nkhani ya ndalama zolowera, Facebook tiyiyamikeko pang'ono. Mu 2015 idatulutsa Facebook Lite, yopangidwira mafoni ochepa mphamvu ndi netiweki yofooka ya 2G. Ntchito yaikulu imachitikira pa makompyuta a kampaniyo, foni n'kumangolandira zochepa. Imeneyi ndi imene ikuyendadi m'midzi mwathu, makamaka kuyambira pamene Movitel idayamba ntchito mu 2012 n'kufikitsa nsanja zake kumene Vodacom ndi mcel zidali zisanafike. Koma ubwino umenewu ukudyedwa ndi mavidiyo. Mphindi imodzi ya vidiyo imatha mega amene akadatumiza mauthenga olemba mazanamazana, ndipo mavidiyo afupiafupi aja amangotsatana okha, wina ukatha wina wayamba. Mnyamata watumidwa kuti aone mtengo wa nyemba, wabwera patatha theka la ola mega atatha, mtengo osauona. Timamukalipira mwanayo, koma chidacho chidapangidwa ndi anthu ophunzira kwambiri amene ntchito yawo ndi kuonetsetsa kuti asachoke msanga, chifukwa kampaniyo imapeza ndalama pa malonda amene amaonetsedwa kwa iye.

Kuti mtengo wa mega ndi nkhani ya moyo wa anthu, tidaona mu Meyi 2024. Bungwe loyang'anira za mafoni la INCM litakhazikitsa mitengo yatsopano imene idathetsa mapaketi opanda malire, achinyamata adayenda m'misewu ya Maputo kudandaula, ndipo patangotha milungu yochepa boma lidalamula kuti chigamulocho chiimitsidwe. Amene adayenda m'misewu ndi a mumzinda. Mlimi wa ku Furancungo sadaoneke pa zithunzi, koma ndi iye amene amayamba kusiya intaneti mega akakwera, chifukwa ndalama yomweyo ndi ya mchere ndi sopo.

Pali vuto lina limene ndi lathulathu la m'malire. Msewu wa M1 wa ku Malawi, pakati pa Dedza ndi Ntcheu, umayenda m'malire enieni, ndipo mafunde a nsanja za mafoni sadziwa kuti dziko lathera pati. Ambiri ali ndi simu ziwiri, ya +258 ndi ya +265, Movitel kapena Vodacom mbali ino, Airtel kapena TNM mbali inayo, ndipo amasintha potengera kumene kukugwira ndi kumene kwatchipa. Facebook imamangirira akaunti ku nambala imene mudatsegulira. Tsiku limene foni yatayika kapena mwaiwala mawu achinsinsi, nambala yotsimikizira imatumizidwa ku simu imeneyo. Ngati simuyo idatayika, kapena idakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito mpaka kampani idaitseka n'kupereka nambalayo kwa wina, khomo latsekeka. Njira ina ndi imelo, imene ambiri alibe, kapena adawatsegulira mnyamata wa pa banka la mafoni ndipo sadawauze mawu ake olowera. Mapeto ake munthu amangotsegula akaunti yatsopano. Ndiye chifukwa chake mumapeza dzina limodzi lili ndi maakaunti anayi, ogula akale akulembera ku akaunti yakufa, ndipo wakuba sakuvutika kutsegula yachisanu ndi chithunzi chomwecho.

Apa tafika pa nkhani ya kukhulupirirana, imene kwa mlimi ndi yolemera kuposa zonse. Tonse tidalandirapo uthenga uja wonena kuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Pa Facebook chinyengochi chimavala bwino: tsamba lokhala ndi chizindikiro cha kampani ya mbewu kapena cha pulogalamu ya boma, lolonjeza feteleza wotchipa kapena ngongole, koma muyambe mwatumiza ya kalembera pa M-Pesa kapena e-Mola. Kutsegula tsamba lotere sikutenga mphindi khumi. Kachizindikiro kobiriwira ngati thambo kamene kamayenera kusonyeza tsamba lenileni, maofesi ambiri a m'maboma alibe, ndipo kuyambira 2023 m'mayiko ena kamachita kugulidwa pa mwezi. Chida chabwino chimayenera kumuteteza munthu asanalakwitse, ndipo akalakwitsa chimuthandize kubwerera. Pano ndalama ikangotuluka yatuluka, ndipo ku Facebook kulibe munthu womuimbira amene angakuyankheni m'Chichewa.

Nanga bwanji WhatsApp? Kunena zoona, pa ntchito za mlimi imaposa Facebook kutali, ndipo chifukwa chake chachikulu ndi chimodzi: batani la mawu. Mumadina, mumalankhula, mumasiya. Gogo amene sadapite ku sukulu amatha kufotokoza matenda a ng'ombe yake m'chilankhulo chake, mlangizi n'kumuyankha ndi mawu. Mauthenga amabwera motsata nthawi, watsopano pansi, ndipo munthu mumamudziwa ndi nambala yake. Netiweki ikachoka, uthenga umadikira n'kupita wokha ikabwera. Koma nayonso ili ndi zilema zake. Mawu ojambulidwa safufuzika ngati olembedwa: kuti mupeze pomwe padatchulidwa mtengo, muyenera kumvera onse. Gulu likakula, mapemphero a m'mawa, mavidiyo oseketsa ndi maliro zimakwirira uthenga wofunika. Ndipo mawu otumizidwa kuchokera kwina alibe tsiku kapena dzina. Chenjezo la madzi osefukira la nthawi ya namondwe Ana, amene adagwetsa mlatho wa pa Revúbuè mu Januwale 2022, likhoza kuzunguliranso chaka china anthu n'kuthawa pachabe, kapena choipa kwambiri, n'kuzolowera kusakhulupirira machenjezo enieni a INAM ndi INGD. WhatsApp idayesa kuchepetsa zimenezi: kuyambira 2019 uthenga umatumizidwa kwa anthu kapena magulu asanu okha pa nthawi imodzi, ndipo umene wayenda kwambiri umakhala ndi timivi tiwiri pamwamba. Timivi timeneti tiziyang'ana, ndi chizindikiro chakuti amene wakutumizirani si mwini mawuwo.

Zonsezi zikunena za masiku amene intaneti ilipo. Chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitadutsa, intaneti ya pa mafoni idadulidwa kumapeto kwa mwezi womwewo, ndipo Facebook, WhatsApp ndi Instagram zidatsekerezedwa kwa masiku angapo mpaka mu Novembala, monga lidanenera bungwe loyang'anira za intaneti la NetBlocks. Zifukwa zake zidali za ndale, ndipo si nkhani yathu lero. Chimene chikutikhudza n'chakuti idali nthawi yokonza minda ndi kugula mbewu, ndipo aliyense amene malonda ake onse adali pa foni adangokhala manja lende. Mlimi alibe ulamuliro pa chida chimenechi. Eni ake ali ku California, nsanja ndi za makampani, chilolezo ndi cha boma. Bungwe la alimi limene lidasiya kulemba manambala a ogula m'kope chifukwa "zonse zili pa gulu" liyambirenso kulemba.

Mmodzi mwa akatswiri odziwika pa kuyesa masamba a intaneti, Jakob Nielsen, adaonetsa kuti sipafunika anthu mazana. Mukapatsa anthu asanu ntchito yomweyo n'kumawaonerera osawathandiza, mumapeza mavuto ambiri a tsambalo, pafupifupi 85 mwa 100. Njira imeneyi siifuna ndalama za polojekiti. Ofesi ya zaulimi ya boma lililonse, kapena bungwe lililonse limene limati likufikira alimi pa Facebook, likhoza kuichita pa tsiku la msika. Itanani alimi asanu, atatu akhale amayi, mmodzi akhale wopitirira zaka 50. Apatseni foni yawo yomwe, osati ya mu ofesi. Auzeni kuti apeze chidziwitso chimene mudaika dzulo, anene tsiku limene chidalembedwa, ndipo asiyanitse tsamba lanu ndi labodza. Yang'anani wotchi, yang'ananinso mega amene atha. Musawalozere. Mukaona kuti atatu mwa asanu alephera, musanene kuti alimi ndi osaphunzira. Uthengawo ndiwo sudafike.

Facebook yokha sitingaisinthe tili ku Ulónguè, koma kalembedwe kathu tingakasinthe mawa lomwe. Wolemba mtengo ayambe ndi tsiku ndi dzina la msika, atchule ndalama ndi muyeso m'mawu athunthu, ndipo dzina la mbewu alilembe m'njira ziwiri. Wojambula mawu pa WhatsApp ayambe ndi kunena dzina lake, kumene ali ndi tsiku la lero, kuti uthengawo ukayenda upite ndi msinkhu wake. Maofesi asiye kujambula kalata yodindidwa ya Chipwitikizi n'kuiponya pa tsamba ngati chithunzi, chifukwa pa foni yaing'ono siwerengeka, makina sangaimasulire mosavuta, ndipo imadya mega. Alembe mizere inayi m'Chichewa, aikenso mawu a mphindi imodzi. Oyang'anira magulu a malonda akhale olimba mtima kuchotsa zosakhudza malonda, ngakhale wotumizayo ndi mlamu wawo.

Ndipo inu alimi anzathu, sabata ino funsani amene amasunga foni ya pakhomo kuti akaunti idatsegulidwa ndi nambala iti, ndipo ngati simu imeneyo ikadali m'manja mwanu. Ngati idatayika, sinthani nambalayo lero akaunti ikadali yotsegula. Pa WhatsApp ikani nambala yachinsinsi ya manambala 6 imene imaletsa wina kulanda akaunti yanu, muilembe m'kope limodzi ndi manambala a ogula anu. Mtengo uliwonse umene mwauona pa foni, imbirani munthu amene ali pa msikawo musanakweze thumba pa ngolo.